Mpando wa Amuna m'Chipinda cha Adokotala

Za imfa ya adokotala aja ndinamva pa wailesi masana, ndikusema mpini pakhonde. Wolengeza anatchula masukulu amene anaphunzirako kunja, madokotala amene iwo anawaphunzitsa, ndi amayi osawerengeka amene anawachiritsa m'zipatala za m'dziko muno. Za mpando sanatchule. Ine ndikawakumbuka ndimayambira pa mpando.

Ndinazimitsa wailesi n'kuyang'ana nyumba ya mwana wanga wamkazi, imene ili pafupi ndi yanga. Chitseko chinali chotseka dzuwa lili paliwombo. Anali atayamba kale kudwala, ndipo pamudzi ponse amene ankadziwa kuti matendawo ndi a chipatala ndinali ine ndekha, bambo wake, munthu amene mwambo sumulola kuwatchula.

Kuti zimveke, ndiyambe ndi mayi wake.

Mkazi wanga ndinamutenga ku Sharpevale, kuchigwa kolima mpunga. Ndinapereka malowolo monga mwa Chingoni, n'kubwera naye kwathu kuno ku Champiti. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku mgodi ku Joni, monga bambo anga ndi amalume anga. Ndinkabwera, kukhala miyezi ingapo, n'kubwereranso. Ulendo wina ndinamusiya ali ndi pakati. Mimbayo inali yanga, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga miyezi akanaona.

Nthawi yake itakwana mwana anakana kutuluka. Kwathu kuno ankakhulupirira kuti kubereka kukatalika ndiye kuti mkazi anayenda ndi amuna ena, ndipo njira siitseguka mpaka awatchule mayina. Mkazi wa munthu wa ku Joni ankamukayikira msanga. Amayi aakulu anamutsekera m'nyumba, mayi anga ali pomwepo, n'kumamuuza kuti aulule. Iye analibe woti amutchule. Dzuwa linkatuluka n'kulowa, iwo akufunsabe. Pamene anamunyamula pa machira kupita naye kumsewu, mwana anali atafa kale m'mimba.

Ine kumgodi ndinangouzidwa ndi mnzanga wochokera kumudzi kuti mwana sanakhale. Zina ndinadzazipeza ndekha. Nditafika ndinapeza mkazi wanga akugona m'khitchini kuseri kwa nyumba. Mkodzo unkangotuluka wokha, osaima. Ankamanga nsanza, n'kumazichapa kumtsinje m'mamawa, kumunsi kwa anzake. Kutchalitchi anayamba ndi kukhala benchi yakumbuyo, kenako ankaima panja pafupi ndi zenera, kenako analekeratu. Akadzuka pa mphasa ankayamba wacheuka kuona pamene anakhala. Anthu ankati ndi chilango cha mayina amene anabisa.

Abale anga anandiuza kuti ndimubweze kwawo, nditenge wina. Ndinakana. Sindinena kuti chinali chifundo chokha. Ine sindikonda kuuzidwa zochita m'nyumba mwanga. Koma ngati ndinkakhulupirira zonena za anthuzo kapena ayi, sindingayankhe. Sindinamufunse, nayenso sananene. Ndinkamugulira sopo n'kumuika pakhomo la khitchini. Tinakhala choncho zaka.

Kenako mlangizi wa zaumoyo anabweretsa mawu akuti kuchipatala cha pa boma kukubwera adokotala ochokera kumzinda amene amasoka amayi otere. Ndinali kumudzi nthawi imeneyo. Tinapita. M'basi anthu anatisiyira malo aakulu kuposa amene tinkafuna. Titafika, iye analowa ndi amayi anzake, ine ndinakakhala panja pansi pa mtengo, pomwe amuna ankadikira ndi njinga zawo. Malo a mwamuna anali amenewo. Namwino anatuluka kudzandiitana, ndipo ndinamuyankha kuti za akazi zimathera kwa akazi. Anabwerera m'kati. Patapita kanthawi panatuluka mayi wamfupi, wovala nsapato zachimuna, chimanga chootcha chili m'manja. Sindinadziwe kuti ndi adokotalawo mpaka nditaona namwino uja akuwatsatira mwamantha.

Anayang'ana chipewa changa ndi jekete, n'kufunsa ngati ndine wa ku mgodi. Ndinavomera.

"Pansi pa nthaka mumatsika osaopa, koma chitseko ichi chakukanikani? Lowani, bambo. Mpando wanu ukukudikirani."

Amuna anzanga pansi pa mtengo anaseka. Ndinaimirira chifukwa cha kusekako, osati chifukwa cha mawuwo.

M'chipindamo munali bedi lalitali, tebulo, ndi mpando wathabwa kukhoma. Ndinadzamva pambuyo pake kuti chipatala chilichonse chimene ankafika, choyamba kuitanitsa chinali mpando umenewo, ndipo mkazi wobwera ndi mwamuna sankamukhudza ndi mpeni mwamunayo asanakhale pamenepo n'kumva. Anayamba afunsa mkazi wanga ngati akulola kuti ndimve. Iye anavomera ndi mutu osakweza maso.

Adokotala anatenga kapu yachitsulo imene ankamwera tiyi, n'kuyala kansalu pakamwa pake, nandiuza kuti ndilowetsemo nkhonya. Sinalowe. Anati ndikankhe. Ndinakankha mpaka kansalu kanapanikizika pakati pa mafupa a zala zanga ndi chitsulo. Anati nkhonyayo ndi mutu wa mwana, kapuyo ndi mafupa a m'chiuno, kansaluko ndi mnofu umene umalekanitsa njira ya mwana ndi chikhodzodzo. Mnofu ukapanikizika choncho masiku angapo umafa, n'kusiya bowo.

"Apa palibe mwamuna wina. Pali fupa, pali mutu, ndi masiku amene anamuchedwetsa. Mwamva? Mukauze mayi anu."

Mkazi wanga analira. Zaka zonse zija sindinamuonepo akulira. Ine ndinangoyang'ana nkhonya yanga.

Ndinakawauzadi mayi anga, mawu omwewo, ndi kapu yomwe. Mkazi wanga atabwerako kuchipatala, iwo ndi amene anamutenthetsera madzi osamba, ndipo anadya naye mbale imodzi pabwalo anthu akuona.

Kusoka koyamba sikunagwire konse. Adokotala anatiuza osabisa, natiitananso ulendo wotsatira. Kwachiwiri kunagwira. Ndikukumbuka m'mawa umene mkazi wanga anandiitanira pa zenera la wodi, n'kukweza nsalu imene anagonera kuti ndiione. Inali youma. Amayi ena a m'wodimo anaimba nthungululu, ine ndinavala chipewa n'kubwerera pansi pa mtengo. Potitulutsa, adokotala anandilamula kuti ndisamuyandikire mkazi wanga mpaka iwo atanena, n'kuwonjezera kuti munthu wa ku Joni kupirira amakudziwa, kapena akunama? Namwino anabisa nkhope. Analamulanso kuti mimba ina ikadzabwera, miyezi yomaliza akadikirire kuchipatala, ndipo mwana adzatuluke ndi opaleshoni. Zinachitika momwemo. Mwanayo ndi wamkazi amene ndikunenayu. Sitinakhalenso ndi wina.

Za moyo wa adokotalawo ndikudziwa zimene ankanena anamwino ndi zochepa zimene ananena okha. Anabadwira kumudzi ngati ife. Bambo awo anapita ku mgodi iwo ali khanda, osabwerako. N'chifukwa chake jekete la ku Joni ankalizindikira patali. Anaphunzira ndi thandizo la amishoni, anawoloka nyanja, ndipo kumeneko anawapempha kuti akhale. Anabwerera. Ankazungulira maboma pa galimoto yakutha, akusoka amayi amene midzi inawataya, gulu la ophunzira lili pambuyo pawo. Ophunzirawo ankawaopa. Ndinamva ndi makutu anga akukalipira mmodzi chifukwa cholankhula za wodwala m'Chingerezi wodwalayo ali pomwepo. Sanali munthu wofatsa. Ine anthu ofatsa sindiwakhulupirira kwambiri.

Tsiku limene tinkatuluka ndi mwana anandiimitsa pakhonde la wodi. Anati amuna timaona zonse koma timachita ngati akhungu. Anati mkazi akamataya magazi nthawi yosakhala yake, kapena zotuluka zikasintha fungo, osadikira kukolola, osadikira munthu wa kutali. Kupita naye tsiku lomwelo. Ndinasunga mawuwo. Ndinayesapo kuwauza amuna anzanga pa bawo, ndipo kwa chaka chathunthu ankanditcha azamba. Ndinasiya. Adokotalawo ndinadzawaonanso kamodzi kokha, zaka zambiri zitapita, pa boma, atachita imvi, akutsika m'galimoto. Ndinavula chipewa. Anayankha moni koma sanandizindikire. Sindinadandaule. Nkhope ngati yanga anaziona zambiri.

Mkazi wanga anamwalira ndi matenda ena, a kuthamanga kwa magazi, atakalamba bwino, ali ndi malo ake kutsogolo m'tchalitchi. Mwana wathu anali atakwatiwa. Mwamuna wake anamanga pamalo panga, kenako nayenso anapita ku Joni. Migodi siilembanso anthu athu. A masiku ano amapita pa basi kukagwira m'masitolo ndi m'minda ya eni ake, ndipo amabwera akapeza mpata. Mwana wangayo anatsala ndi ana, ine ndili pafupi.

Ndinamulera mwa mwambo, ndipo ndinkanyadira. Kuyambira pamene anatha msinkhu sindinalowepo m'nyumba imene iye amagona. Akamandipatsa chakudya amagwada patali. Timakamba za feteleza, za mbuzi, za sukulu ya ana. Ndi munthu wolimba, wosadandaula, wofanana ndi ine kuposa mayi wake. Za thupi la mkazi, bambo ndi mwana wake sakambirana. Zimenezo ndi za mayi, za azakhali, za anamkungwi. Mayi wake kunalibe, ndipo ine mlongo ndinalibe.

Choyamba ndinaona kuti wasiya kuchapira pa mjigo ndi anzake. Ankachapira m'beseni kuseri. Kenako benchi yakumbuyo. Kenako ndinamuona akudzuka pa mphasa n'kucheuka. Kucheuka kumeneko ndinkakudziwa. Koma sunali mkodzo. Madzi amene ankakhuthula kuseri kwa bafa ankasiya dothi lofiirira, ntchentche zitaunjikana, mwezi wonse osadukiza. Akamawerama ankagwira m'chiuno. Ankaonda.

Ndinayesa mpaka pamene mawu anga ankaloledwa kufika. Ndinamuuza kuti waonda, apite kuchipatala. Anati ndi malungo chabe. Ndinaumirira, ndipo anapita kuchipatala chathu chaching'ono, n'kukanena za mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Anamupatsa mankhwala a zimene ananenazo. Sindingawadzudzule, munthu amachiza zimene wauzidwa. Pamenepo ndinaona kuti popanda wina wotchula chinthucho ndi dzina lake, palibe chimene chidzayende.

Ndinatsata njira ya mwambo. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kutsikira ku Sharpevale kwa mng'ono wake wa malemu mkazi wanga, amene kwa mwanayo ndi mayi aang'ono. Inali nyengo ya mpunga wothirira. Ndinawapeza m'munda, matope ali m'mawondo, akuwokera. Ine ndi iwo timaseleulana kuyambira kale, monga alamu. Anandifunsa ngati ndabwera kudzawafunsira tsopano pamene mano anditha. Ndinati ndabwera ndi nkhani ya mwana wawo, sakupeza bwino kumbali ya chizimayi. Anaongoka n'kuseka.

"Alamu, uzamba mwauyamba liti?"

Ndinati nkhaniyi si yoseka. Analonjeza kuti abwera akangomaliza kuwokera, chifukwa mbande sizidikira ndipo madzi a m'ngalande ali ndi tsiku lake. Ndinabwerera. Anabwera mpunga utayamba kale kubiriwira.

Anakhala m'nyumba ndi mwanayo pamodzi ndi amayi awiri a pamudzi, ine ndili pakhonde langa. Potuluka anandiuza kuti apeza: ndi tsempho. Mwamuna akakhala kutali n'kumayenda njira zosayenera, matenda amagwera a kunyumba. Anali atabweretsa mizu yoviika, ndipo anati zotsala zidzakonzedwa mwamuna wake akabwera pa Khirisimasi. Ndinamva ngati zaka zonse zija sizinadutse, kupatula kuti tsopano wokayikiridwa anali mwamuna. Ndinati ayi, magazi osaleka ndi a chipatala, ndipo adokotala anandiuza pamaso kuti osadikira munthu wa kutali.

Alamu anga anandiyang'ana, kumwetulira kutatha.

"Za magazizo inu mwazidziwa bwanji, alamu?"

Amayi awiri aja anayang'ana pansi. Bambo wotani amene amasuzumira madzi amene mwana wake wamkazi wataya kuseri kwa bafa? Kwathu kuno bambo wotere ali ndi dzina, ndipo si dzina labwino. Likanagwera ine ndi mwana yemwe. Ine amene ndinkalamulira gulu la amuna pansi pa nthaka, mawu anandithera pamaso pa amayi atatu.

Ndinayesa mkamwini wanga pa foni. Munthu ndi mpongozi wake sakamba zoterezi, komabe ndinamuuza kuti mkazi wake akudwala kwambiri, amulamule kupita kuchipatala cha pa boma. Anati wamva, alankhula naye. Analankhuladi. Mkaziyo anamuuza kuti akupezako bwino, mizu ikuthandiza, asataye ntchito chifukwa cha mantha a nkhalamba. Ndinapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa masiku ano. Anabwera ndi njinga yake, anakhala ndi mwana wanga pakhonde, anafunsa mwaulemu. Anayankhidwa kuti zonse zili bwino. Pochoka anandiuza kuti munthu wamkulu sangamumange chingwe. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera. Ndinawapempha kuti amuperekeze kuchipatala. Anati mwini wake akuti ali bwino, ndiponso mayi ake aang'ono anagamula kale.

Ndinayambanso kugula sopo. Ndinkamuika pakhonde pake m'mawa, iye asanatsegule.

Ndi m'masiku amenewo pamene wailesi inalengeza za imfa ija. Ndinali nditaganizapo zokawafunafuna kumzinda, ngakhale sindinkadziwa nyumba kapena msewu. M'dziko lonse lino anali munthu mmodzi yekha amene ndikanamuuza nkhaniyi ndi mawu ake enieni, osandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Akanabwera ndi nsapato zawo zija n'kukankha chitseko chija osaodira. Mpini uja sindinaumalize. Uli pomwepo pakhonde.

Khirisimasi inafika, mkamwini sanabwere. Mvula inagwa, tinapalira, chimanga chinacha. Mwana wanga ankapitabe kumunda, akupuma pafupipafupi. Tsiku lina tikukolola anagwa pakati pa mapesi, chitenje chitanyowa mpaka kumapazi. Pamenepo panalibenso chobisa. Tinamunyamula kupita kuchipatala chaching'ono, ndipo iwo anatitumiza ku boma pa ambulansi. Amayi a pamudzi anatsala ndi ana. Wokwera naye ndinali ine, nditayang'ana pa zenera njira yonse. Mayi aang'ono anatipeza mawa lake, n'kulowa m'wodi kukamudwazika.

Mtengo uja anaudula kalekale. Pamalopo pali shedi ndi anthu a kabaza. Ndinkakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Anamuwonjezera magazi, anamuyeza, anatumiza kanyama kukapimitsa. Tsiku lina masana panatuluka adokotala aakazi, aatali, a msinkhu wa mwana wanga. Anafunsa ngati ndine bambo ake a mayi wa ku Champiti, nati ndilowe. Ndinati ine ndine bambo, osati mwamuna wake, ndipo mayi ake aang'ono ali m'katimo, akwanira.

"Amene anandiphunzitsa ntchitoyi sankalola kuti mpando ukhale wopanda munthu. Ndafunsa odwala kuti pakhale ndani. Atchula inu."

Ndinafunsa ngati aphunzitsiwo anali aafupi, a nsapato zachimuna. Anadabwa, kenako anaseka pang'ono, nati omwewo. Ndinaimirira.

Mpando unali wapulasitiki, koma unali kukhoma, monga kale. Mwana wanga anagona atatembenukira kumbali ina. Alamu anga anakhala pansi, chitenje chili pakamwa. Adokotala sanatenge kapu. Ananena m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anati isanakhwime imaoneka ndi kuyeza kwa kanthawi kochepa, ndipo amawotcha pamalopo tsiku lomwelo, munthu n'kubwerera kwawo. Iyi inali itafalikira kupitirira pamene mpeni ungafike. Anati atitumiza kuchipatala chachikulu, koma sakufuna kutinamiza.

Ndinafunsa ngati aphunzitsi awo akanatha kusoka, akanakhala moyo.

"Ichi si chosoka, bambo. Nawonso akanakuuzani zomwezi. Kusiyana kwake, iwo akanakalipa."

Ine ndikanakonda kukalipiridwa.

Kuchipatala chachikulu tinapita, n'kubwerako ndi botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu. Alamu anga anasiya mpunga wawo n'kudzakhala kuno. Ndi amene amamusambitsa ndi kumutembenuza. Analira pamaso panga, sindinawadzudzule. Ananena zimene anaphunzitsidwa, monga mayi anga ananena zawo. Mkamwini akuti ali m'njira. Alipo amene anganene kuti ndikanathyola mwambo tsiku loyamba lomwe, kulowa m'nyumbamo n'kutchula zonse. Anene. Onenawo sanakhalepo bambo wa mwana wamkazi kwathu kuno. Ine ndinagogoda zitseko zonse zimene mwamuna amaloledwa kugogoda.

Sabata yatha masana, alamu atapita ku mjigo, ndinali pakhonde la mwana wanga ndikuthamangitsa nkhuku pa chimanga. Anandiitana ali m'kati. Mawu ake achepa masiku ano. Ndinasendera kufupi ndi chitseko.

"Ababa, sopo uja ndinkamuona."

Ndinati eya.

"Ndinadziwa kuti mwadziwa. N'chifukwa chake ndinkabisa kwambiri. Ndinkachita manyazi ndi inu kuposa mmene ndinkaopera matendawo."

Ndinayang'ana nkhuku. Patapita kanthawi anati kunjako kukutentha, nditenge mpando wanga ndilowe.

Ndinapita kunyumba kwanga kukatenga mpando wathabwa, uja ndinakhoma ndekha nditasiya mgodi. Ndinawerama pakhomo, ndinalowa, n'kuuika kukhoma. Alamu atabwera ndi ndowa anaima pakhomo, anatiyang'ana, n'kutula ndowayo. Pamudzi akunena, ndikudziwa.

Tsopano ndimakhala pamenepo masana onse. Sitikamba zambiri. Adokotala aja anandiphunzitsa kulowa, kukhala pansi ndi kumva. Zotsalazo ankachita ndi manja awo. Ndimamupatsa madzi, ndimaingitsa ntchentche ndi chipewa, nthawi ya mankhwala ikakwana ndimaitana alamu. Ululu ukamubwerera amagwira mwendo wa mpando, ine ndimakhazikika mwamphamvu kuti usasunthe.